Mbiri ya Nthenda ya Shuga ndi Moto wa m'Impso

Chaka chatha, pa nyengo ya masika, tinaika mkulu wina wa Mpingo m'mudzi wa patsinde pa phiri la Ntchisi. Bamboyo anakhala ndi nthenda ya shuga zaka 15, nayenda nayo, nalima, nafika ku misonkhano ya akulu monga mwa nthawi zonse. Koma m'chaka chake chotsiriza mapazi anatupa kufikira nsapato zinakana kulowa, nkhope inali kufufuma m'mawa, nsima inamkanika, ndipo a ku chipatala anati impso zake zaleka ntchito. Pa maliro ndinamva anthu alikunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ena anati anaponda mankhwala pa njira ya ku dimba; ena anati ndi mdulo, pakuti makolo athu pakuona munthu watupa miyendo ndi nkhope anali kufunsa msanga kuti, Kodi anathira mchere m'ndiwo ndani? Koma mayi wina anafunsa funso limene linandikhalira mumtima, nati, Ngati nthenda yake inali ya shuga, nanga impso zalowamo bwanji?

Ine sindine dotolo, ndine mphunzitsi wa ana chabe. Koma funsolo lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo iyenera kudziwika kwa ife a m'mapiri ano a Dowa ndi Ntchisi, popeza nthenda imene kale tinaiyesa ya anthu olemera a m'tauni yalowa tsopano m'mabanja athu. Pamene Boma pamodzi ndi bungwe la WHO linayesa anthu m'dziko lonse la Malawi m'chaka cha 2009, linapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 25 kufikira 64, asanu kapena asanu ndi mmodzi anali ndi nthenda ya shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa mwazi, kumene ku chipatala akutcha BP.

Impso tonse tizidziwa, chifukwa tiziona pamene tatumbula mbuzi: ziwiri, zonga nyemba zazikulu, zobisika m'mafuta a kumsana. Ahebri akale anaziyesa malo a zinsinsi za munthu, chifukwa chake m'Masalimo ndi m'buku la Yeremiya zitchulidwa pamodzi ndi mtima. Koma pa nthenda ya shuga impso zinakhala zaka mazana ambiri ngati munthu woimbidwa mlandu pa bwalo. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere ziunjikana pa mkodzo wa odwala ena, naitcha nthendayo mkodzo wa uchi. Aretaeus wa ku Cappadocia, dziko lija litchulidwa m'mbiri ya tsiku la Pentekoste, analemba za anthu akumwa madzi kosaleka ndi kukodza kosaleka, naonda kufikira imfa. Ndipo Galen, amene asing'anga a ku Ulaya anamvera mawu ake zaka zoposa 1000, anagamula kuti zolakwa ndi impso: zafooka, sizitha kusunga madzi.

M'chaka cha 1674 Thomas Willis wa ku England analemba kuti mkodzo wa odwalawo uli wotsekemera. Owerenga asanyansidwe, masiku aja lilime ndilo linali chipangizo cha dotolo. Mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaumitsa mkodzowo pa moto wapang'ono, ndipo pansi pa mbale panatsala zinthu zonga shuga wofiirira. Analawanso madzi a m'mwazi wa wodwalayo, napeza kuti awonso ali otsekemera. Pamenepo kunadziwika kuti shuga sabadwira m'impso ai. Impso zingotaya chimene mwazi wabwera nacho. Mlandu unayamba kuchoka pa izo.

Chaka cha 1889 ife a kuno tichidziwa bwino, pakuti pa 28 Novembala Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazika mishoni pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. M'chaka chomwecho, m'mzinda wa Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba m'mimba mwa galu. Sindinena kapamba uja atupa ndi malungo, koma wina wogona kumbuyo kwa chifu, pakuti chinenero chathu chitchula ziwalo ziwirizi ndi dzina limodzi. Galuyo anayamba kukodza kosaleka, ndipo mu mkodzo wake munadzala shuga. Tsono mwini mlandu anapezeka. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anatulutsa m'kapamba madzi amene titcha insulini, amene auza minofu kuti ilandire shuga wochokera m'mwazi. Ndipo mu Januwale 1922, chaka chimene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'Chinyanja, mnyamata wa zaka 14, dzina lake Leonard Thompson, anabayidwa insuliniyo ali pafupi kufa, nakhalanso ndi moyo zaka 13. Mwa ana nthendayi idza kawirikawiri chifukwa kapamba waleka kutulutsa insulini; mwa akulu, ndiwo ochuluka, insulini alipo, koma minofu yagontha, simumvera.

Anthu anayesa kuti nkhondo yatha. Koma odwala amene kale anali kufa msanga anayamba tsopano kukhala zaka 10, zaka 20, ndipo ena a iwo anayamba kutupa miyendo. Kutupa kotere madotolo anali atakudziwa kale mwa anthu ena, pakuti mu 1827 Richard Bright wa ku Guy's Hospital ku London anaonetsa kuti ukatenthetsa mkodzo wa munthu wotupa m'supuni pa kandulo, nuona ukugwirana monga choyera cha dzira, impso za munthuyo zaonongeka. Mu 1936, ku Boston, Paul Kimmelstiel, amene anathawa ku Germany m'masiku a Hitler, pamodzi ndi Clifford Wilson, anapenya pa galasi lokulitsa impso za anthu asanu ndi atatu omwalira, ambiri a iwo a shuga, napeza timfundo tolimba m'kati mwa tisefa ta impso. Chomwecho impso zinabweranso pa bwalo, koma ulendo uno monga wovulazidwa.

Kuti timve kuvulala kwake, tiyambe taona ntchito yake. Amayi pakucheza chidulo athira madzi pa phulusa m'mphika wobooka pansi. Madzi atsika, phulusa litsala. M'impso iliyonse muli tisefa totere pafupifupi 1,000,000, ndipo pa tsiku limodzi tisefa madzi a m'mwazi okwana malita 180, ndiwo ndowa zisanu ndi zinayi za malita 20. Koma munthu akodza lita imodzi ndi theka yokha. Nanga enawo apita kuti? Pansi pa kasefa kalikonse pali kampopi kakatali kopindikapindika, ndipo ntchito ya timipopi timeneti ndiyo kubwezera m'mwazi madzi, mchere ndi shuga. Impso ichita monga munthu wosesa m'nyumba amene ayamba watulutsa katundu yense pabwalo, nalowetsanso zabwino chimodzichimodzi, nasiya zinyalala zokha. Mchere umene utuluka ndi kubwezedwa chotero ukwana pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka tsiku lililonse. Makolo aja, pakutchula mchere pa nthenda ya kutupa, sanaphonye kwambiri, pakuti impso zikafooka mchere ndi madzi zitsalira m'thupi, ndiko kutupako. Analakwa pokha pakuloza chala mkazi wa kukhitchini.

Kusefa sikutopetsa impso, chifukwa mtima ndiwo ukankha madziwo. Ntchito yolemetsa ndiyo kubweza mchere, ndipo mphamvu yake ichokera ku moto. Makolo athu Achewa anali osungunula chitsulo, ndipo zotsala za ng'anjo zawo zionekabe ku Kasungu. Wosula aliyense anadziwa kuti makala opanda mvukuto safiiritsa khasu. Antoine Lavoisier wa ku Paris ndiye anapatsa dzina lakuti okosijeni gawo lija la mpweya limene moto ulidya. Iye ndi mnzake Laplace anaika mbira yoweta m'chotengera chozingidwa ndi madzi oundana, nayesa kutentha kwa thupi lake ndi mpweya umene inatulutsa, napeza kuti kupuma ndiko kuyaka kwa moto wapang'onopang'ono: chakudya ndicho nkhuni, okosijeni ndiye mpweya wa mvukuto. Munthu wanzeru ameneyu anamdula mutu mu 1794, pa chipolowe cha ku France. A pambuyo pake anapeza kuti motowo uyaka m'tizinthu tating'ono ta m'kati mwa minofu, totchedwa mitochondria. Ife titi ting'anjo. Timipopi ta impso tadzala nato.

Impso ziwiri zilemera ngati magalamu 300, koma zilandira gawo limodzi la magawo asanu a mwazi wonse wochokera kumtima, ndipo poyerekeza ndi kulemera kwake palibe chiwalo china chidya okosijeni koposa izo, koma mtima wokha. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mwazi uli wambiri chotero, chigawo cha m'katikati mwa impso chikhala pa njala ya mpweya masiku onse, ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Mitsempha yotsikira kumeneko igona pambali pa yokwera, ndipo okosijeni adumpha kuchokera mwina kulowa mwina asanafike pansi. Ndi mudzi umene nkhokwe zake zingokwana chaka ndi chaka, popanda chotsala.

Ndipo moto uli nazo mbaliwali. Okosijeni yemweyo amene atipatsa moyo ndiye adyetsa khasu dzimbiri, nasandutsa mafuta a mtedza kukhala onunkha. Mu 1954 Rebeca Gerschman, mayi wa ku Argentina amene anali kugwira ntchito ku Rochester ku America, ananena kuti okosijeni akachuluka avulaza minofu mwa njira yomweyo ya kuwala kwa X-ray, ndiko kuti asweka m'tizidutswa taukali toluma chilichonse chili pafupi. Ambiri sanamvere. Koma mu 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich a ku Duke University anapeza m'mwazi wa ng'ombe chinthu chimene ntchito yake ndi imodzi yokha, kuzima mbaliwali zimenezi. Ndipo anthu anati, Ngati thupi lisunga ozima moto, ndiye kuti mbaliwali zilipodi. Mu 1985 Helmut Sies wa ku Düsseldorf anatchukitsa dzina lakuti oxidative stress, kunena pamene mbaliwali zichuluka koposa ozima.

Tsono tiike shuga wambiri m'mwazi, tione chimene chichitika. Shuga yense alowa m'tisefa, ndipo kampopi, posadziwa kuti shugayo ngwosafunika, kayesetsa kumbweza yense. Koma khomo limene shuga alowera salowa yekha; alowa atagwirana ndi mchere, ndipo mcherewo uyenera kukankhidwa ndi mphamvu ya ting'anjo. Shuga akachuluka, mchere uchuluka, ntchito ichuluka, okosijeni adyedwa wambiri. Si pokhapo. Kunsi kwa kampopi kuli malo onga mlonda, amene alawa madzi opitawo. Pakuona kuti mchere wachepa, popeza watengedwa kale kumtunda, mlondayo ayesa kuti kasefa kachita ulesi, natsegula mitsempha kuti mwazi ulowe wambiri. Chotero katundu aonjezekanso. M'zaka za 1970 Carl Erik Mogensen wa ku Aarhus ku Denmark anaonetsa kuti pa chiyambi cha nthenda impso za munthu wa shuga zikula ndi kusefa koposa muyeso. Wosadziwa angati ndi impso zamphamvu. Koma ndi ng'ombe yothamangitsidwa ndi mkwapulo.

M'zaka za 2000 ndi 2001 Michael Brownlee wa ku New York ndi anzake anaphunzitsa kuti ting'anjo tikadzazidwa ndi shuga wambiri tilavula mbaliwali zochuluka, ndi kuti kuonongeka kwa impso, maso ndi mitsempha ya kumapazi kuyambira pamenepo. Akatswiri ena atsutsana naye za malo enieni kumene mbaliwalizo zichokera, ndipo mtsutsowo ulipobe. Koma mu 2003, ku Uppsala ku Sweden, Fredrik Palm ndi anzake analowetsa tisingano toyesa okosijeni m'impso za makoswe a shuga, napeza kuti okosijeni wachepa, makamaka m'katikati muja, ndipo chifukwa chake sichinali kuchepa kwa mwazi koma kudya kwambiri kwa timipopi. Makoswe amene anawadyetsa vitamini E, amene azima mbaliwali, okosijeni wawo sanatsike. Pambuyo pake a ku Uppsala omwewo anaonetsa kuti ting'anjo ta m'impso ya shuga tichucha: tidya mpweya wambiri, koma mphamvu ituluka yochepa, monga ng'anjo yong'aluka imene itha makala koma chitsulo chituluka pang'ono.

Apa ndipo pali yankho la mayi uja. Impso ya munthu wa shuga isenza katundu wambiri, ng'anjo zake ziononga mpweya, mbaliwali ziluma makoma, ndipo mnofu wosowa mpweya usanduka chipsera. Kasefa kamodzi kakafa sikabadwanso. Tinzake titenga katundu wake, monga ng'ombe imodzi yotsala pa goli la ngolo, ndipo titopa msanga koposa. Zonsezi zichitika popanda ululu. Munthu akhoza kutaya koposa theka la mphamvu ya impso zake ali kulima ndi kuimba kwaya. Si onse a shuga afika pamenepa, kapena mmodzi mwa atatu. Koma BP ikakhalapo pamodzi, ulendo ufupika.

Wina adzati, Ngati vitamini anapulumutsa makoswe, tiyeni tigule vitamini. Iai, abale. Madotolo anayesa vitamini E pa anthu zikwi zingapo m'maiko ambiri, ndipo zotsatira zake, zimene zinayamba kutuluka mu 2000, zinaonetsa kuti sanatchinjirize mtima kapena impso za odwala shuga. Mu 2012 analeka pakati kuyesa mankhwala ena olimbitsa ozima moto a m'thupi, otchedwa bardoxolone, chifukwa mitima ya odwala ena inayamba kulephera. Ndinena ichi popeza pa misika yathu tiona anthu ogulitsa mabotolo amene ati atsuka impso, ndipo wodwala apereka ndalama ya fodya wa chaka chonse. Ngakhale mapiritsi opha ululu, monga ibuprofen ndi diclofenac, amene tigula pa wokala ngati masiwiti, afinya mitsempha ya impso yotopa, nachepetsanso mwazi wake.

Chimene chinathandiza ndicho kuchepetsa katundu. Mu 1993 kunatuluka zinthu ziwiri. Ku America ndi Canada anatsata odwala 1,441 zaka zingapo, napeza kuti amene anasunga shuga wawo pafupi ndi muyeso impso zawo zinachedwa kuonongeka. Ndipo mankhwala a BP otchedwa captopril, amene chiyambi chake chinali ululu wa njoka ya ku Brazil, anapezeka kuti apeputsa kukankha kwa mwazi m'kati mwa kasefa. Enalapril amene odwala athu alandira ndi mbale wake. Njira yachitatu inali itagona m'mabuku zaka zoposa 100. Von Mering yemwe uja wa galu anaona mu 1886 kuti madzi ena otengedwa ku khungwa la mtengo wa apozi atulutsa shuga mu mkodzo, chifukwa atseka khomo lija la shuga ndi mchere. Mankhwala atsopano otsata nzeruyo anayesedwa mu 2015. Ndipo mu 2019, pa odwala 4,401 a shuga ndi impso, canagliflozin anachepetsa kulephera kwa impso pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Akatswiri ambiri ayesa kuti mbali ina ya thandizo lake ndiyo kupumitsa ting'anjo. Mu 2021 WHO inaika mankhwala a mtundu uwu pa mndandanda wa ofunika m'maiko onse. Mkodzo wa uchi, umene asing'anga a ku India anauona ngati chizindikiro cha imfa, dotolo wa lero aupanga dala.

Nanga ife? Pamene chipatala cha mishoni chinakhazikika pa Nkhoma mu 1915, odwala anali kudza ndi malungo, zilonda, khate ndi maso. Anthu anali kuyenda pansi kukwera ndi kutsika mapiri ano, nadya mgaiwa, nyemba ndi masamba, ndipo ambiri sanafike pa msinkhu umene nthendayi ikonda. Lero tili ndi ufa woyera wa ku chigayo, zakumwa za m'mabotolo, mafuta okazingira ndi njinga zamoto, ndipo tikhalitsa. Palinso china chimene chindidetsa nkhawa koposa izi. Tisefa ta impso tonse tipangika mwana ali m'mimba. Atabadwa palibe kena koonjezeka. Barry Brenner wa ku Boston ananena mu 1988 kuti wobadwa ndi tisefa tochepa ali pa ngozi ya BP ndi impso atakula, ndipo ofufuza ena apeza kuti mwana wobadwa wochepa thupi akhala ndi tisefa tochepa, nakhalanso wosavuta kugwidwa ndi shuga. Njala ya 2002 inagunda Dowa, Ntchisi ndi Kasungu koopsa, ndipo ana amene amayi awo anawanyamula akudya gaga ndi mizu ya nthochi ndiwo abambo ndi amayi achinyamata a m'midzi yathu tsopano.

Impso zikaleka ndithu, chotsala ndi makina osefa mwazi, amene Willem Kolff anayamba kupanga ku Holland mu 1943, pakati pa nkhondo. Makinawo alipo ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma wodwala ayenera kugona pa iwo maola anayi, kawiri kapena katatu pa mlungu, moyo wake wonse. Munthu wa ku Malomo kapena ku Chinthembwe adzasiya munda kwa yani, nadzagona kwa yani ku Lilongwe? Koma kuyambira m'zaka za 1980 madotolo a ku London ndi ku Denmark anaonetsa kuti choyera cha dzira chija cha Bright chiyamba kudontha mu mkodzo pang'onopang'ono zaka zambiri miyendo isanatupe, ndipo lero kapepala koviika mu mkodzo ndi dontho la mwazi wa pachala zinena zimene kale zinafuna supuni, kandulo ndi lilime.

Mwana wachisamba wa malemu uja, bambo wa zaka zoposa 40, ananenepa pamimba monga atate wake, ndipo anali kudzuka kanayi usiku. Atameta maliro tinamkakamiza, napita ku chipatala ndi njinga. Anampeza ndi shuga, BP yokwera, ndi kadontho ka choyera mu mkodzo. Alandira metformin ndi enalapril mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi umene mankhwala asowa agulitsa nkhuku nakagula. Mkazi wake wachepetsa mchere m'ndiwo, nabwerera ku mgaiwa, ngakhale ana adandaula. Lamulungu lapitali ndinamuona ku tchalitchi, atavala nsapato zija za atate wake.